Tsiku Lotsiriza la Ulendo wa M'mapiri

Lero tiyeni tilingalire za tsiku lotsiriza la ulendo wa masiku angapo m'mapiri. Ambiri timaganiza kuti ndilo tsiku lopepuka, popeza chakudya chatha, katundu wachepa, ndipo njira yaikulu tayenda kale. Komatu tsiku limeneli limafuna kusamala kuposa masiku ena onse.

Anthu ambiri a mu mzinda wa Johannesburg akafuna ulendo wotere amapita ku mapiri a Drakensberg, m'chigawo cha KwaZulu-Natal, amene bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse m'chaka cha 2000. Kumeneko kuli njira yotchedwa Giant's Cup Trail, ya makilomita pafupifupi 60, yoyenda masiku 5. Imayambira pa msewu wa Sani Pass ndipo imathera ku Bushman's Nek. Tsiku lachisanu oyenda amachoka pa nyumba yogona ya Swiman n'kuyenda makilomita pafupifupi 12, kudutsa pa phanga la Langalibalele, momwe muli zithunzi zimene anthu a mtundu wa San anajambula pamwala kalekale.

Nanga choopsa chili pati? Choyamba ndi thupi lathu. Pofika tsiku lachisanu mapazi atuluka matuza ndipo minofu yatopa. Potsika phiri, ntchafu ndi mawondo ndizo zimagwira kulemera kwa thupi ndi chikwama pa sitepe iliyonse, kotero mwala umodzi woterera ukhoza kuthyola munthu mwendo. Kafukufuku amene anafalitsidwa mu British Medical Journal m'chaka cha 2008 anaonetsa kuti mwa anthu okwera phiri la Everest amene anafera pamwamba penipeni, ambiri anafa pobwerera kuchokera pansonga. Nawonso amene anatsikapo phiri la Mulanje kuchokera ku Chambe kupita ku Likhubula akudziwa mmene mawondo amanjenjemerera. Ndodo yoyendera ndi kupuma kawirikawiri zimathandiza kwambiri.

Chachiwiri ndi nyengo. M'miyezi ya dzinja, kuyambira November mpaka March, mvula ya mabingu ndi ziphaliwali imakonda kugwa masana m'mapiri amenewa, ndipo nkhungu ikhoza kuphimba njira mwadzidzidzi. N'chifukwa chake anzeru amalawirira m'mamawa, kuti mitambo ikamasonkhana akhale atachoka kale pamalo okwera opanda pobisala.

Chachitatu ndi mtima wothamangira kwathu. Amphamvu amatsogola, ofooka amatsalira, gulu limabalalika. Akuluakulu anati kuthamanga si kufika. Gulu liyende pa liwiro la munthu wotopa kwambiri, ndipo pasapezeke wina woyenda yekha kumbuyo.

Taonani kuti ngakhale tafika ku Bushman's Nek, ntchito ikadalipo. Bungwe la Ezemvelo KZN Wildlife, limene limayang'anira mapiriwa, limafuna kuti oyenda alembe mayina awo m'buku polowa, ndipo asainirenso potuluka. Munthu akaiwala kusainira, opulumutsa anthu akhoza kuyamba kumufunafuna m'mapiri, kuika miyoyo yawo pachiswe, iye ali kwawo akugona.

Pomaliza pali msewu wobwerera. Kuchoka ku Underberg kukafika ku Johannesburg ndi makilomita opitirira 500, mbali yaikulu pa msewu wa N3, wodzaza ndi magalimoto akuluakulu, kudutsa pa Van Reenen's Pass. Woyendetsa galimoto amene wayenda pansi masiku 5 akhoza kuwodzera pa chiwongolero. Ndi bwino kugona usiku umodzi pafupi, kapena kusinthana poyendetsa.

Tsono okondedwa, tikamakonzekera ulendo wotere, tiwerenge tsiku lotsiriza ngati tsiku lathunthu la ulendo, tisunge madzi, chakudya ndi mphamvu zokwanira tsikulo. A kwathu akudikira kutiona tikulowa pakhomo tili bwino.