Musanagule matiresi, yambani mwafunsa msana wanu

Nyengo yokolola ikatha, alimi atagulitsa kachewere, nyemba ndi fodya wawo, m'misewu yochokera ku Ulónguè, Tsangano ndi Zóbuè mumaoneka njinga zobereka matiresi atsopano, opindidwa pakati ndi kumangidwa ndi mphira. Eni ake amapalasa monyadira, ndipo ndi zomveka. Mabanja ambiri amene adabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha mu 1992 adayambiranso moyo ali ndi mphasa imodzi yokha, kotero mpaka lero kulowetsa matiresi m'nyumba ndi chizindikiro chakuti pakhomo zinthu zayamba kuyenda.

Koma chodandaulitsa ndi chakuti ena mwa anthu amenewa, pakangopita miyezi yochepa, amayamba kudzuka msana uli gwa, khosi losatheka kutembenuza. Ndalama ya thukuta la chaka chonse yapita, tulo tabwino palibe, pomwe khasu likudikira kumunda. Cholakwika chimakhala kugula pogona poyang'ana maluwa a nsalu yake, osayamba waganizira thupi limene lidzagonepo. Pajatu akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Msana ukhale wowongoka

Munthu wamkulu amafunika kugona maola 7 kapena kuposerapo usiku uliwonse. Nthawi yonseyi minofu imakhala itamasuka, ndipo chimene chimachirikiza mafupa a msana ndi malo amene munthuyo wagonapo. Pogona pakafewa kwambiri, chiuno chimamira chifukwa ndi cholemera, msana n'kupindika ngati uta. Pakauma kwambiri, thupi lonse limatsamira pa phewa ndi fupa la m'chiuno, mkono umachita dzanzi, ndipo munthu amangotembenukatembenuka mpaka tambala kulira.

Ambiri amakhulupirira kuti wodwala msana azigona pouma gwa. Koma m'chaka cha 2003 madokotala a ku Spain adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa anthu 313 omva kuwawa msana kwa nthawi yaitali. Ena adawapatsa matiresi olimba kwambiri, ena olimba mwapakatikati. Patapita masiku 90, amene ankagona pa matiresi apakatikati ndiwo adapeza bwino kuposa anzawo. Choncho chofunika ndi pogona pogonjera pang'ono phewa ndi chiuno, koma posalola thupi kumira.

Yesani musanalipire

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mukafika pa sitolo kapena pamsika, musachite manyazi kupempha kuti matiresiwo awayale pansi. Yambani mwagwada pakati pake ndi bondo limodzi. Bondo likagunda pansi, siponji imeneyo ndi yopyapyala ndipo sidzachedwa kuphwa. Kenaka nyamulani matiresi awiri ofanana kukula kwake. Olemerawo ndi amene nthawi zambiri amakhalitsa.

Mukatero gonanipo chagada kwa kanthawi, n'kulowetsa dzanja kunsi kwa msana, chapamwamba pa chiuno. Dzanja likalowa momasuka n'kutsala mpata, matiresiwo ndi ouma kwa inu. Likakanika kulowa chifukwa thupi lamira, ndi ofewa. Pomaliza gonani chammbali, ndipo mnzanu amene mwapita naye aone ngati msana wanu wawongoka kuchokera m'khosi mpaka m'chiuno.

Matupi ndi osiyana

Matiresi amene akomera mnansi wanu mwina sangakukomereni inu. Munthu wa thupi lalikulu amafunika ochindikala ndi olimbirako, pomwe wowonda, makamaka wokalamba amene mafupa ake ali pamtunda, amafunika pofewerako. Agogo ogona pa mphasa muziwayalira bulangete lopinda pawiri pamene pamafika phewa ndi chiuno. Ngati ali ndi bedi, likhale lotalika mpaka m'mawondo awo, kuti akakhala m'mphepete mapazi azigunda pansi. Bedi lalitali kwambiri limagwetsa okalamba podzuka usiku.

Mayi woyembekezera, kuyambira mwezi wachisanu ndi chiwiri, azigona chammbali, osati chagada, chifukwa kulemera kwa mimba kumapanikiza mitsempha ikuluikulu ya magazi. Chitenje chopindapinda pakati pa mawondo chimachepetsa kuwawa kwa chiuno, ndipo njira yomweyi imathandizanso aliyense wovutika ndi msana. Khanda lokha ndilo liyenera kugonekedwa chagada, pamalo olimba ndi osalala, popanda mtsamiro kapena nsalu zambiri kumaso, kuopa kubanika.

Amene amaliza mkonono amapepukidwa akagona chammbali. Amene amavutika ndi chilungulira usiku akweze miyendo ya bedi ya kumutu ndi njerwa imodzi imodzi, ndiponso ayese kugonera kumanzere.

Mtsamiro nawo uli ndi muyeso wake. Wogona chammbali amafunika wodzaza mpata wa pakati pa khutu ndi phewa. Wogona chagada amafunika wopyapyala, kuti chibwano chisagwere pachifuwa. Wogona chafufumimba ndi bwino asatsamire kanthu, chifukwa khosi lake limakhala litapotoka kale.

Mphasa si umphawi

Nyengo ya dera lanu nayo iganiziridwe. M'chigwa cha Zambezi, cha ku Tete, kumene mu Okotobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, siponji imasunga kutentha ndi thukuta, pomwe mphasa ya bango kapena mkeka zimalola mphepo kudutsa. Amene adazolowera mphasa ndipo amadzuka ali bwinobwino asakakamizike kuisiya chifukwa cha maso a anthu.

Kumapiri a Angónia ndi Tsangano, mu Juni ndi Julayi chisanu chimalowera pansi. Munthu angafunde mabulangete atatu, koma ngati kunsi kuli mphasa yokha, adzanjenjemerabe. Yalani kaye matumba osokerera odzaza udzu wouma kapena makoko a chimanga, mphasa ibwere pamwamba, ndipo zam'katizo muzizisintha zikaphwatalala. Musagone ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka ngakhale kuzizire bwanji, chifukwa mpweya wake sumveka fungo koma umapha.

Bedi, masikito ndi nsikidzi

Matiresi abwino amaonongeka msanga pa bedi loipa. Pouza mmisiri wa matabwa, nenetsani kuti mipata ya pakati pa matabwa oyalapo matiresi isapose kukula kwa chikhatho, apo ayi siponji imalowa m'mipatamo. Chotsani pulasitiki imene matiresi adabwera nayo, chifukwa imasunga chinyontho. Muziwatembenuza miyezi ingapo iliyonse, kumutu kupite kumiyendo, ndiponso muziwayanika padzuwa.

Yezaninso ngati masikito anu akukwanira kupisira kunsi kwa matiresi kapena mphasa mbali zonse zinayi, thupi osakhudza ukondewo. Pogona pofewa popanda masikito ndi kuyalira malungo. Masikito onyikidwa m'mankhwala amagwira ntchito pafupifupi zaka zitatu, ndipo akang'ambika asokedwe tsiku lomwelo.

Pogula bedi kapena matiresi ogwiritsidwa kale ntchito, yang'anitsitsani m'misoko ndi m'malumikiziro a matabwa. Timadontho takuda ndi chizindikiro cha nsikidzi, ndipo tizilomboti timatha kukhala miyezi ingapo osayamwa magazi. Thirani madzi owira m'ming'alu ya bedi, chapani zofunda ndi madzi otentha, ndipo matani ming'alu ya m'khoma. Musayerekeze kupopera mankhwala a thonje kapena a fodya pogona. Amenewo ndi poizoni, makamaka kwa ana.

Thupi limanena m'mawa

Woweruza weniweni wa pogona panu ndi thupi lanu podzuka. Mukagona muli bwino koma n'kudzuka msana ukuwawa, ululuwo n'kumatha mukayendayenda, kayikirani pogona. Koma ululu ukakhala wosaleka kwa milungu ingapo, kapena ukabwera ndi kutentha thupi, kuwonda, dzanzi kapena kufooka kwa miyendo, pitani kuchipatala msanga. Zotere sizichira ndi matiresi atsopano.

Tsono inu owerenga amene mwasunga ndalama ya zokolola za chaka chino, musathamangire matiresi amene aoneka okongola pa njinga. Pitani ndi akunyumba kwanu, nonse mukayese, popeza nonse mudzagonapo. Ndalama ikapanda kukwana, konzani bwino mphasa yomwe muli nayo, mudikire chaka chamawa.