Kodi nsomba za m'chitini n'zokwanira kwa mphaka wanu?

Mwangolowa kumene m'banja, mwapeza kanyumba ka lendi, ndipo usiku woyamba womwewo mwamva mgugu kudenga. Kutacha mwapeza thumba la ufa labooledwa, sopo wajegwedwa. Apongozi atamva za makoswewo akutumizirani kamwana ka mphaka m'katoni. Lero patha chaka ndi miyezi, kamphaka kaja kakula, ana adakapatsa kale dzina, ndipo makoswe adasamuka. Koma m'nyumba mwabuka kamkangano: kodi chiweto chimenechi chizidya chiyani?

Mayi akuti m'sitolo zikuluzikulu za m'tauni aonamo tizitini ndi timapaketi tojambulidwa nsomba, ndipo akufuna kumagulako. Bambo akuti kumeneko n'kuseweretsa ndalama, popeza kumudzi mphaka amadya mkute ndi mitu ya usipa koma safa. Nonsenu muli ndi mfundo. Tiyeni tsono tikambirane modekha, chifukwa safunsa adadya phula.

Mphaka ndi wodya nyama basi

Poyamba dziwani kuti mphaka si kagalu kakang'ono. Galu amatha kupirira ndi phala la gaga ndi zotsala za patebulo, koma thupi la mphaka limadalira nyama. Ngakhale kutsekemera kwa shuga lilime lake silikumva n'komwe. Inu mukadya karoti kapena chisoso thupi lanu limadzipangira vitamini A. La mphaka silingatero, limafuna vitaminiyo atapangika kale m'nyama. Palinso mafuta ena amene iye sangawapange kuchokera ku mafuta a zomera.

Koma chachikulu pa zonse ndi chakudya china chotchedwa taurine, chimene chimapezeka m'nyama ndi m'nsomba, koma m'chimanga ndi m'nyemba mulibe. M'chaka cha 1975 akatswiri a ku America adapeza kuti mphaka akasowa taurine maso ake amaonongeka m'kati mpaka kuchita khungu. Mu 1987 dotolo wa ziweto Paul Pion ndi anzake a pa University of California, Davis, adaonetsanso kuti kusowa komweko kumafooketsa mnofu wa mtima mpaka mphaka kufa. Panthawiyo amphaka ambiri amene ankadwala chonchi ankadya zakudya zogula m'sitolo. Kuchokera pamenepo makampani adayamba kuonjezera taurine, ndipo nthendayo idachepa kwambiri.

Nanga mphaka wa kumudzi uja amapulumuka bwanji ndi mkute? Yankho lake n'lakuti nsima si imene imamusunga. Amakhalira mbewa, makoswe, abuluzi, timbalame ndi ziwala zimene amagwira yekha kuseri kwa nkhokwe. Wanu wa m'tauniyu, amene adamaliza makoswe kalekale ndipo amangozungulira kumpanda, alibe mwayi umenewo. Chimene mwamuikira m'mbale ndicho chakudya chake chonse.

Ena amati mphaka ukamukhutitsa amasiya kugwira makoswe. Si zoona. Mphaka amasaka mwachibadwa, kaya wadya kaya sadadye, ndipo wathanzi ndiye amakhala ndi liwiro. Wanjala amangosanduka wakuba ndiwo pamoto, kapena amasamukira kwa aneba.

Ubwino wa chakudya chofewa cha nsomba

Ubwino woyamba mwina simungauganizire: ndi madzi. Makolo a mphaka wa pakhomo adali amphaka akutchire a m'madera ouma, amtundu umodzi ndi vumbwe amene amatha nkhuku kumudzi. Iwo ankapeza madzi m'nyama imene agwira, n'chifukwa chake mpaka lero mphaka sakonda kumwa madzi ambiri. Chakudya cha m'chitini kapena m'kapaketi chimakhala ndi madzi pafupifupi 75 mpaka 80 pa 100 paliponse, pomwe chouma chija chokhala ngati timabisiketi chili ndi madzi osapitirira 10 pa 100.

Madzi amenewa amasungunula mkodzo, ndipo amachepetsa mpata woti timiyala tipangike m'chikhodzodzo. Zimenezi n'zofunika makamaka kwa mphaka wamwamuna, yemwe njira yake ya mkodzo ndi yopapatiza ndipo imatsekeka msanga. Mukamuona akudzikankha kukodza koma osatuluka kanthu, uku akulira, thamangirani naye kwa dotolo wa ziweto tsiku lomwelo. Nthenda imeneyi imapha m'masiku awiri kapena atatu okha.

Ubwino wachiwiri ndi zomanga thupi. Nsomba ili ndi mapuloteni amene mphaka amagaya mosavuta, ili ndi taurine, komanso mafuta a omega-3 amene amathandiza khungu, ubweya ndi molumikizana mafupa. Apa ena amasokonezeka akawerenga pachitini kuti mapuloteni ndi 8 pa 100 basi, pomwe pathumba la chakudya chouma palembedwa 30. Musanyengedwe. Chotsani madzi kaye. Ngati m'magalamu 100 a chakudya chofewa muli madzi magalamu 80, chotsala ndi magalamu 20, ndipo 8 mwa 20 ndi chimodzimodzi 40 pa 100. Bungwe la AAFCO, limene limaika miyezo ya zakudya za ziweto ku America, limati mphaka wamkulu asalandire mapuloteni ochepera 26 pa 100 madzi atachotsedwa. Choncho kachitini kaja kamadutsa mlingo umenewu.

Chachitatu ndi fungo. Mphaka wokalamba, wodwala mano kapena amene wangochira kumene amatha kukana chilichonse koma n'kulandira nsomba yofewa.

Chikomekome cha mkuyu

Komatu chithunzi cha nsomba yonona pachitini chisakutengeni mtima, paja chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Tembenuzani chitinicho muwerenge tizilembo tating'ono takumbuyo.

Mawu oyamba kuwafunafuna ndi akuti “complete”. Amenewa akutanthauza kuti m'chakudyacho adaikamo zonse zofunika, ndipo mphaka angathe kumadya chokhacho tsiku ndi tsiku. Mukaona mawu akuti “complementary”, dziwani kuti ndi chongokometsera pakamwa. Nthawi zambiri chotere ndiye chimaoneka bwino, minofu ya nsomba yooneka ndi maso, koma chimapereweza mavitamini ndi kashiamu. Onaninso kuti palembedwa “adult”, kutanthauza mphaka amene wakwanitsa chaka. Kamwana ka mphaka ndi mphaka woyamwitsa ali ndi chakudya chawo champhamvu kuposa chimenechi.

Chachiwiri, kuchuluka kwa nsombayo. Pamalamulo a ku Ulaya, chakudya cholembedwa kuti “with salmon” kapena “with tuna” chimaloledwa kukhala ndi nsomba imeneyo 4 pa 100 pokha, zinazo n'kukhala zotsala za nkhuku kapena nyama zina. Sikuti chakudya chotere n'choipa ayi, mphaka chimamukwanira ndithu ngati chili “complete”. Kungoti muzidziwa chimene mukulipira. Pamndandanda wa zosakaniza, chimene chalembedwa poyamba ndicho chambiri.

Chachitatu, nsomba tsiku lililonse ili ndi zovuta zake. Zakudya zambiri za nsomba zimakhala ndi mchere wa phosphorus wochuluka chifukwa minga imagayidwira momwemo, ndipo umenewu umalemetsa impso zimene zayamba kale kufooka, monga zimachitikira amphaka ambiri akamakalamba. Nsomba zikuluzikulu za m'nyanja zamchere monga tuna zimasunga poizoni wa mercury m'thupi mwawo. Komanso nsomba, pamodzi ndi nyama ya ng'ombe ndi nkhuku, ili m'gulu la zakudya zimene amphaka ena sayanjana nazo: amayamba kudzikanda kumutu ndi m'khosi, kusosoka ubweya, kusanza kapena kutsegula m'mimba.

Ndipo pali vuto la kuzolowera. Mphaka amene wakulira nsomba yokhayokha amadzakana china chilichonse tsiku limene m'sitolo mwatha kapena m'thumba mwauma. Musanene kuti njala imuphunzitsa. Mphaka, makamaka wonenepa, akatha masiku angapo osadya chiwindi chake chimadzala mafuta ndipo akhoza kufa. Njira yabwino ndi kusinthasintha: lero nsomba, mawa nkhuku, mkuja ng'ombe.

Nanga nsomba zathu zomwezi?

Ambiri mufunsa kuti bwanji osangomupatsa usipa, matemba, utaka kapena mutu wa chambo. N'zotheka, koma samalani zinthu zinayi.

Musamupatse nsomba yaiwisi. Mitundu yambiri ya nsomba ikakhala yosaphika ili ndi mphamvu ina imene imaononga vitamini B1. Mphaka wozolowera zaziwisi amayamba kukana kudya, kuyenda dzandidzandi, kugwetsa khosi, kenaka kukomoka. Moto umathetsa mphamvu imeneyo, choncho wiritsani. Msuzi wake musataye, chifukwa taurine amasungunukira m'madzimo. Thirani pachakudya chake.

Musamupatse ndiwo za mumphika wa banja. Anyezi ndi adyo, kaya zaziwisi kaya zokazinga, zimaononga magazi a mphaka. Mcherenso umene ife timati wakwana kwa iye ndi wambiri. Mupatulireni kake musanathire zokometsera, ndipo nsomba zouma zothira mchere muyambe mwaziviika ndi kutaya madziwo.

Chotsani minga ya nsomba zikuluzikulu monga chambo, mlamba ndi kampango. Imabaya pakhosi ngati mmene imachitira ndi mwana.

Pomaliza, nsomba za m'chitini zopangira anthu si chakudya cha mphaka. Zambiri zimakhala mumsuzi wa tomato, tsabola kapena mchere. Ndipo mphaka akamangodya nsomba zamafuta monga tuna popanda vitamini E wokwanira, mafuta a m'thupi mwake amatupa n'kusanduka achikasu, moti amalira ngakhale mwangomusisita pamsana. Opanga chakudya cha amphaka amaonjezeramo vitamini ameneyu pofuna kupewa zimenezi. Za mkaka nazo iwalani: amphaka ambiri akakula sautha kuugaya, umangowatsegula m'mimba.

Mlingo ndi kasungidwe

Mphaka wamkulu wolemera makilogalamu 4 amafuna makalori pakati pa 200 ndi 250 patsiku. Kapaketi ka magalamu 85 kamakhala ndi makalori 70 kapena 80. Ndiye kuti wodya chofewa chokhachokha akufunika timapaketi titatu patsiku, pamwezi 90. Werengerani nokha mtengo wake musanayambe. Mugawireni kawiri kapena katatu patsiku, osati zonse pakamodzi. Pofuna kudziwa ngati mlingo uli bwino, mugwireni m'nthiti: zizimveka m'manja koma zisamaoneke ndi maso.

Chakudya chofewa chimaonongeka msanga, makamaka m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala. Chikakhala m'mbale ola limodzi kapena awiri, tayani ndi kutsuka mbaleyo. Chotsala m'chitini chitsanulireni m'kabakuli kotseka, muike m'firiji, ndipo chithe m'masiku awiri. Ngati mulibe firiji, kapena magetsi kwanuko amazimazima, gulani timapaketi tating'ono totha nthawi imodzi. Chitini chotupa, chadzimbiri kapena chopitirira tsiku lake chisiyeni pashelefu pomwepo ngakhale atatsitsa mtengo. Posintha chakudya, sakanizani chatsopano ndi chakale pang'onopang'ono kwa sabata imodzi.

Inu amene muli ndi mwana wokwawa, mbale ya mphaka ikhale pamalo poti iye sangafike, ndipo isasakanikirane ndi mbale za banja. Mayi akakhala oyembekezera, ntchito yochotsa chimbudzi cha mphaka ikhale ya bambo, chifukwa m'chimbudzicho mumatha kukhala kachilombo ka toxoplasma komwe n'koopsa kwa mwana wosabadwa. Mphaka amakatenga podya nyama yaiwisi, chimene chili chifukwa chinanso chomuphikira.

Za m'thumba

Tisanamizane, m'nyumba zambiri ndiwo za ana zomwe zikuvuta. Palibe amene akunena kuti mwana agone ndi nsima ya mchere kuti pusi adye za m'chitini. Ngati mungakwanitse, njira yotchipirako ndi kugula thumba la chakudya chouma cholembedwa “complete” kuti chikhale cha tsiku ndi tsiku, madzi oyera ali pambali nthawi zonse, n'kumaonjezera chofewa cha nsomba kawiri kapena katatu pasabata. Ngati zimenezonso n'zosatheka, muzimupatulira nsomba yowiritsa yopanda mchere, mitima ndi nthutumba za nkhuku, dzira lophika, ndi kachiwindi pang'ono kamodzi pasabata, osapitirira, poti chiwindi chikachuluka chimaononga mafupa. Nsima ikhale yochepa, yongoperekeza. Chakudya chophika pakhomo n'chovuta kuti chikwane mbali zonse, choncho mukapita naye kukabayitsa katemera wa chiwewe funsani alangizi a ziweto kuti amuone thupi. Okhala ku Lilongwe angathenso kufunsa ku bungwe losamalira nyama la LSPCA.

Tsono mkangano uja uthe motere. Mayi akulondola kuti chakudya chofewa cha nsomba n'chabwino, bola chikhale “complete” ndipo chisakhale chokhacho chaka chonse. Bambo akulondola kuti mphaka angakhale wathanzi popanda chitini, bola m'mbale mwake muzipezeka nyama kapena nsomba yophika, osati mkute wokha. Walira mvula walira matope: mudafuna mlonda wa thumba la ufa, ndipo mphaka wosamalidwa bwino amakhala zaka 12 mpaka 15, ena kupitirira. Khalani pansi awirinu madzulo ano, muone bajeti ya mwezi, mugwirizane gawo lake. Anawo akuona mmene mukuchitira ndi kachiweto kamene adakapatsa dzina.