Tikaonerera phunziro la mnzathu, tiyambe ndi mafunso

Chinyanja chinalowa m'makalasi a chigawo cha Tete kalekale. Pakati pa 1993 ndi 1997 bungwe la INDE linayesa maphunziro a zilankhulo ziwiri kudzera mu ntchito ya PEBIMO, pogwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza, ndipo kuyambira 2003 njirayi inayamba kufalikira m'sukulu za boma. Komabe ambiri mwa ife kuno ku Zobue ndi ku Moatize tinaphunzira m'Chipwitikizi chokha. Luso lophunzitsa m'zilankhulo ziwiri timalinola tili kale pa ntchito, pamisonkhano ya ZIP kapena mnzathu akabwera kudzaonerera phunziro lathu.

Zokambirana za pambuyo pa phunziro n'zimene zimapangitsa kuti kuonererako kupindule kapena kupite pachabe. Kawirikawiri woonerera amatsegula kope n'kuyamba kuwerenga zolakwa. Woonereredwa amangoti "ndamva", koma mumtima akudziteteza, ndipo mawa amaphunzitsa monga dzulo. Woonerera akayamba ndi mafunso, mwini phunziro amaliona yekha vuto, ndipo njira imene munthu waipeza yekha saitaya msanga.

Mu 1992 John Whitmore wa ku Britain anafalitsa njira yotchedwa GROW, yomwe imaika mafunso otere m'magawo anayi. Tiyese njirayi pa vuto limene tonse timalidziwa. M'Chinyanja l ndi r sizisiyanitsa tanthauzo la mawu, koma m'Chipwitikizi lua ndi mwezi pomwe rua ndi msewu. Tiyerekeze kuti mnzathu waphunzitsa zilembo ziwirizi m'kalasi yachitatu ndipo ana ambiri azisokoneza polemba.

Gawo loyamba ndi cholinga. Tingafunse kuti: "Aphunzitsi, mumafuna kuti ana athe kuchita chiyani pofika kumapeto kwa phunziro?" Akayankha kuti "adziwe l ndi r", tifunsenso: "Mukanaona chiyani m'makope mwawo kuti mukhutire kuti adziwadi?" Apa cholinga chimasanduka chinthu chooneka, monga kulemba molondola mawu asanu owerengeredwa.

Gawo lachiwiri ndi zimene zachitika. "Ndi ana angati amene alemba bwino? Amenewa amakhala mbali iti ya kalasi? Ndi nthawi iti imene ana anayankha kwambiri, mukulankhula Chinyanja kapena Chipwitikizi?" Mafunsowa akufuna umboni, choncho ndi bwino kukhala ndi makope angapo a ana patebulo. Mwina mnzathu aona yekha kuti ana anakopera mawu pa bolodi asanamve bwinobwino kusiyana kwake ndi makutu.

Gawo lachitatu ndi njira zomwe zilipo. "Mungayese chiyani china? Nanga chinanso? Pali chimene chinakuthandizanipo pa vuto lofanana ndi ili?" Funso lakuti "nanga chinanso?" ndi lamphamvu, chifukwa yankho loyamba nthawi zambiri limakhala lozolowereka. Lachiwiri kapena lachitatu ndilo limabweretsa zatsopano, monga kufotokoza m'Chinyanja kuti Chipwitikizi chimasiyanitsa zomwe chilankhulo chathu sichisiyanitsa, kapena kujambula mwezi ndi msewu kuti ana aloze chithunzi akamva mawu.

Gawo lomaliza ndi chochita. "Pa njira zimenezi, muyamba ndi iti? Tsiku liti? Ndikuthandizeni motani?" Chinthu chimodzi chokhala ndi tsiku lake chimaposa mndandanda wa zinthu khumi. Mugwirizanenso tsiku loti mudzaonane ndi makope omwewo.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala. Choyamba ndi funso lakuti "chifukwa chiyani?" Pa chikhalidwe chathu, "chifukwa chiyani simunagwiritse ntchito zithunzi?" limamveka ngati mlandu, makamaka likachokera kwa wamkulu pa udindo. Koma "munaganizira zotani posankha njira imeneyi?" limafunsa zomwezo popanda kumuchititsa munthu manyazi. Samalaninso ndi langizo lovala chovala cha funso, monga "simukuona kuti kukanakhala bwino kuwaika m'magulu?" Limeneli yankho lake ndi "inde" basi.

Chachiwiri ndi kudikira. Kafukufuku wa Mary Budd Rowe ku America m'zaka za m'ma 1970 anapeza kuti aphunzitsi ankadikira pafupifupi sekondi imodzi akafunsa funso, ndipo akadikira masekondi atatu kapena kuposerapo, mayankho a ana ankatalika ndipo oyankha ankachuluka. Wamkulu nayenso amafuna nthawi yoganiza. Mnzanu akakhala chete, musathamangire kumuyankhira. Muloleninso ayankhe m'chilankhulo chimene akumasuka nacho, ngakhale fomu yoonerera ili m'Chipwitikizi.

Chachitatu ndi kudziwa malire a mafunso. Ngati mphunzitsi watsopano sakudziwa malamulo a kalembedwe ka Chinyanja, kapena walemba cholakwika pa bolodi, muuzeni mosabisa ndi mwaulemu. Kumuzungulira ndi mafunso pa chinthu chimene sakuchidziwa n'kumuvutitsa chabe. Mafunso amathandiza pomwe munthu ali nazo kale nzeru zake koma sanapeze mpata wozisanthula.

Mafunso omwewa amagwiranso ntchito kwa ana. Mwana akalemba lua pomwe amafuna rua, mmalo mongodula ndi cholembera chofiira, mufunseni m'Chinyanja kuti awerenge zimene walemba n'kunena tanthauzo lake. Ambiri amaseka n'kukonza okha.

Pamsonkhano wa ZIP ukubwerawu, khalani awiriawiri. Mmodzi afotokoze phunziro limene silinayende bwino, winayo azingofunsa kwa mphindi khumi osapereka langizo lililonse, kenako musinthane. Lembani funso limene lakupangitsani kuganiza kwambiri, ndipo mudzalibweretse pamsonkhano wotsatira pamodzi ndi zimene mwayesa m'kalasi.