Manda a ku Chiuta

Kum'mawa kwa boma la Machinga, kumene dziko la Malawi limalekezera ndipo la Mozambique limayambira, kuli nyanja ziwiri zosaya zimene zinalekanitsidwa ndi mtunda wautali wamchenga. Kummwera kwa mtundawo kuli Chilwa, nyanja yamchere yopanda potulukira madzi, imene inaphwa mu 1968 ndiponso mu 1995. Kumpoto kwake kuli Chiuta. Iyi madzi ake ndi okoma chifukwa ali ndi njira: mvula ikagwa yambiri amasefukira m'nyanja ya Amaramba, natsata mtsinje wa Lugenda mpaka kukagwera mu Ruvuma. Kuya kwa Chiuta ndi mamita 3 kapena 4 basi, ndipo gombe lake silikhala pamodzi. Chaka cha mvula madzi amalowa m'minda. Chaka cha chilala amathawa, kusiya thope ndi bango.

Dera la kutsidya la kum'mawa limatchedwa ndi dzina la nyanjayi. Lili m'boma la Mecanhelas, m'chigawo cha Niassa ku Mozambique, ndipo likulu la bomalo ndi Insaca. Kumakhala Alomwe, Ayao ndi Anyanja, anthu amene anasakanikirana kalekale m'maukwati ndi m'misika. Amalima mpunga m'madambo, chimanga, nandolo ndi fodya kumtunda, ndipo m'nyanja amapha makumba, matemba ndi milamba. Njanje yopita ku doko la Nacala, imene inalumikizidwa ndi ya ku Malawi mu 1970, imadzera pa mtunda wamchenga uja, kuchokera ku Nayuchi kukalowa pa Entre Lagos.

Woyenda pa sitima m'njanjeyi amaona dziko lachidikha ndi loyera, pakuti mitengo yambiri inapita ku nkhuni zowambira nsomba ndi zootchera njerwa. Koma apa ndi apo, pakati pa minda, pamaoneka timisitu ta mitengo italiitali yolukana ndi zitsamba. Tambiri mwa timisitu timeneti ndi manda. Pamenepo ndi pamene pali umisiri wakale wa anthu a kuno, umisiri umene suoneka chifukwa uli pansi pa nthaka.

Chinthu choyamba ndi malo. M'dziko la madzi ngati lino, manda sangakhale paliponse. Dothi lakuda la m'dambo, la makande, limang'aluka m'chilimwe ndipo m'dzinja limasunga madzi. Ukakumba pang'ono, dzenje limadzaza usanafike m'chiuno. Choncho makolo ankasankha pamtunda pamene madzi osefukira safika, ndipo midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja imanyamula maliro ake ulendo wautali kukafika pamalo ouma. Mwini manda ndi mfumu, amene Alomwe amati mwene. Popanda mawu ake, khasu silikhudza nthaka ya kumeneko.

Uthenga wa maliro ukamveka, adzukulu amalawirira ku msitu mbandakucha atatenga makasu, nkhwangwa zodulira mizu ndi mafosholo. Muyeso wa womwalirayo amautenga ndi bango kapena kansungwi. Amakumba mosinthanasinthana, wina m'dzenje, ena pamwamba akuyalula dothi, mpaka dzenjelo lifike m'chifuwa kapena m'khosi mwa munthu wamkulu. Mlendo angayese kuti ntchito yathera pomwepo, chonsecho yeniyeni ndiye ikuyamba. Pansi pa dzenjelo, ku khoma limodzi, amagoba kachipinda kopingasa, kotalika ngati munthuyo, kongokwanira iye atagona chammbali. M'menemo ndimo amagoneka mtembo, umene kale ankaukulunga mu mphasa kapena mu mkeka. Kukhomo kwa kachipindako amaimika timitengo tothithikana, nakutirapo mphasa, udzu kapena masamba, ena amamatanso ndi dothi lonyowa. Akatero ndiye amakwirira dzenje lalikulu lija. Dothi lonselo limagwera pamalo opanda munthu. Mwiniwake ali pambali, m'nyumba yake yotseka.

Kachipinda kotere kamafuna nthaka yogwirana, monga ya katondo. Pamchenga khoma limagumuka, ndipo mdzukulu wodziwa ntchito sayesa n'komwe. Iye amakumba kangalande pakati penipeni pa dzenje, kusiya timapewa mbali zonse ziwiri, ndipo akagoneka mtembo m'kangalandemo amayala mitengo yopingasa pa timapewato kuti ikhale denga. Njira ndi ziwiri, koma lamulo ndi limodzi: dothi lisagwere munthu kumaso. Ine ndimaona kuti lamulo limeneli likunena zambiri za mtima wa anthu athu kuposa nyimbo zonse za pamaliro. Womwalira satayidwa, amamangiridwa pokhala.

Asilamu, amene ambiri mwa iwo kuno ndi Ayao, amasunga mamangidwe amenewa mosamala koposa, pakuti chipembedzo chawo chinawakhwimitsa. Mtembo amausambitsa, kuuveka sanda yoyera, ndi kuunyamula pa jeneza. Sauika m'bokosi. Amaugoneka pa dzanja lamanja nkhope itayang'ana ku Mecca, ndipo popeza kuchokera ku Chiuta mzinda umenewo uli chakumpoto, kachipinda kaja kamagobedwa ku khoma lakumpoto, mutu n'kuloza kum'mawa. Shehe akatsiriza mapemphero, amuna amakwirira, ndipo pambuyo pake pamatsatira sadaka, makamaka ya tsiku la 40. Akhristu, amene anachuluka pamene ansembe a Consolata anatsegula mishoni ku Mepanhira ndi malo ena, anabweretsa bokosi lamatabwa. Bokosilo linatenga ntchito ya kachipinda, komabe m'midzi yambiri adzukulu amayalabe mitengo kapena mphasa pamwamba pake asanaponye dothi.

Nzeru imeneyi si ya kuno kokha. Ku Greece kuli mabwinja a mzinda wa Mycenae, kumene mu 1876 Heinrich Schliemann anafukula manda a mafumu a zaka za pakati pa 1600 ndi 1500 Yesu asanabadwe. M'kati mwa mpanda wozungulira wamiyala munapezeka manda 6 ndi mitembo 19, ina itavekedwa zophimba nkhope zagolide. Omanga ake ankakumba chidzenje chakuya m'thanthwe lofewa, kumanga timakoma tamiyala m'munsi mwake, kuyalapo mitanda yamitengo, kufolera ndi miyala yaphanthiphanthi kapena nthambi ndi dongo, kenaka n'kukwirira. Mdzukulu wa ku Chiuta atauona mmangidwe umenewu sangafunse kuti n'chiyani. Anthu awiriwa sanaphunzitsane, anatalikirana ndi nyanja ndiponso zaka zoposa zikwi zitatu. Anangokumana ndi vuto limodzi, nalithetsa mofanana.

Pambuyo pake mafumu a ku Mycenae anafuna zazikulu. Anayamba kugoba m'mbali mwa phiri ndi kumangamo nyumba zozungulira zamiyala yosema, mzere uliwonse wa miyala ukulowerako pang'ono m'kati kuposa wapansi pake, mpaka mizereyo ikumane pamwamba ngati chulu chobooka m'kati. Manda otere alipo 9 pa Mycenae. Aakulu koposa, otchedwa ndi dzina la Atreus, anamangidwa cha m'ma 1300 kapena 1250 Yesu asanabadwe. M'mimba mwake ndi mamita 14 ndi theka, kutalika kupitirira mamita 13, njira yolowera ndi ya mamita 36, ndipo mwala umodzi wa pamwamba pa khomo umalemera pafupifupi matani 120. Pambali pa chipinda chachikulucho palinso china chaching'ono chogobedwa m'thanthwe. Ntchitoyi ndi yodabwitsa ndithu. Koma kukula kwakeko kunaitana akuba, ndipo pamene ofufuza zakale anafika anapeza chuma cha m'mandamo chitatengedwa kalekale.

Nako ku Niassa mafumu amphamvu ankafuna kuikidwa mosiyana ndi anthu wamba. Yohanna Abdallah, m'buku lake la Chiikala cha Wayao la 1919, akusimba kuti Mataka woyamba, Nyambi, mfumu ya ku Mwembe imene inalemera ndi malonda a minyanga ndi akapolo, anaikidwa pamodzi ndi anyamata ndi atsikana oti akamtumikire kutsidya. Ana amenewo anasiya amayi awo. Mwambo umenewu unatha, ndipo palibe chifukwa choulirira.

Pamwamba pa manda a munthu wamba panalibe zambiri: mtumbira wa dothi, ndipo nthawi zina mphika kapena chipanda cha malemuyo, chobooledwa dala kuti wina asachigwiritsenso ntchito. Mvula ya zaka zingapo inkafafaniza mtumbirawo, mitengo ya m'kachipinda inkaola, nthaka n'kutsika. Chosunga malo chinali msitu. M'menemo sadula mtengo, satola nkhuni, salima, ndipo munthu salowamo yekha popanda chifukwa chomveka kwa mfumu. Ndi mwambo wokhawu umene wapulumutsa mitengo ikuluikulu yachilengedwe imene kwina konse inatha. Masiku ano mabanja okhoza amamanga ziliza za njerwa ndi simenti, kulembapo dzina ndi zaka, ndipo tsiku lotsegulira chiliza abale amasonkhana kuchokera kutali. Chiliza n'chabwino, chimathandiza mdzukulu wobadwa mawa kudziwa pamene pagona agogo ake. Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti ena amagwetsa mitengo kuti apeze malo a simenti, ndipo manda oyera opanda mthunzi amakokoloka msanga mvula yamkuntho ikadza.

Malire amene Angerezi ndi Apwitikizi anagwirizana mu 1891 anadula dera lino pakati osafunsa kumene kuli manda a yani. Kuyambira zaka zomwezo Alomwe ambiri anawolokera ku Nyasaland kuthawa msonkho ndi ntchito yokakamiza, nasiya makolo awo m'misitu ya kum'mawa. Pa nkhondo ya pachiweniweni ya Frelimo ndi Renamo, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu opitirira miliyoni imodzi anathawira ku Malawi, ndipo amene anamwalira kumeneko anaikidwa m'manda a eni dziko, mafumu a ku Machinga ndi maboma ena ataloza malo. Mtendere utabwera amoyo anabwerera kwawo, akufa anatsala. N'chifukwa chake mpaka lero mabanja ambiri a ku Chiuta ali ndi manda mbali zonse ziwiri za nyanja, ndipo maliro akagwa tsidya lina, a tsidya linalo amakwera njinga kapena bwato kukakhuza.