Lamulo la notmuch tag

notmuch tag ndi lamulo la pulogalamu ya imelo yotchedwa Notmuch, limene limaika kapena kuchotsa zizindikiro pa mauthenga. Munthu amachita kulilemba pa command line, osati kudina ndi mausi. Pulogalamuyi inayambidwa ndi Carl Worth m'chaka cha 2009 potengera nzeru za pulogalamu ina yotchedwa Sup. Inalembedwa m'chinenero cha C, ndipo imagwiritsa ntchito Xapian pofufuza mawu m'mauthenga.

Chizindikiro m'malo mwa foda

Mapulogalamu ambiri a imelo amasunga uthenga m'foda imodzi. Notmuch sisuntha uthenga. Imaumata mawu aafupi, ndipo uthenga umodzi ungakhale ndi zizindikiro zambiri nthawi imodzi, monga mmene Gmail imachitira kuyambira 2004. Ngati munthu sanasinthe kanthu, uthenga watsopano umalandira zizindikiro ziwiri, inbox ndi unread.

Kalembedwe

Chizindikiro choika chimayamba ndi +, chochotsa chimayamba ndi -, kenako pamabwera mawu osankhira mauthenga. Mwachitsanzo, mlembi wa kalabu ya alimi a fodya ku Kasungu amene amalandira mauthenga okhudza msika wa Chinkhoma angalembe kuti:

notmuch tag +fodya +msika -inbox -- subject:Chinkhoma

Uthenga uliwonse umene mutu wake uli ndi mawu akuti Chinkhoma umalandira zizindikiro ziwirizo n'kuchoka m'gulu la inbox. Timizere tiwiri ta pakatipo timasonyeza pamene zizindikiro zathera. Popanda ito, mawu ofufuzira oyamba ndi + kapena - angatengedwe ngati chizindikiro. N'chifukwa chakenso pulogalamuyi imakana kuika chizindikiro chimene dzina lake likuyamba ndi kamzere: kuchichotsa kukanakhala kosokoneza.

Zosankha zimene zinawonjezedwa

Poyamba lamuloli linkagwira ntchito imodzi pa nthawi. Munthu wokhala ndi malamulo makumi atatu osanjira makalata ankayenera kuyendetsa pulogalamuyi ka 30, ndipo ulendo uliwonse nkhokwe ya Xapian inkatsegulidwa ndi kutsekedwanso. Izi zinkadya nthawi. Komanso Xapian imalola wolemba mmodzi yekha pa nthawi imodzi, choncho pamene malamulowo akuyenda, ntchito ina yofuna kulemba m'nkhokwemo inkatha kukanidwa.

M'chaka cha 2013 anawonjezera chosankha cha --batch. Ndi chimenechi malamulo onse amalembedwa mzere ndi mzere, ndipo pulogalamu imawagwira onse itatsegula nkhokwe kamodzi kokha. Chosankha cha --input chimatchula fayilo imene muli malamulowo. Mzere woyamba ndi # suwerengedwa, kotero mwini fayilo angalembepo zodzikumbutsa. Mpata wa pakati pa mawu m'dzina la chizindikiro umalembedwa %20.

Chaka chomwecho kunabweranso --remove-all, chimene chimayamba chafufuta zizindikiro zonse pa mauthenga osankhidwa, kenako n'kuika zatsopano. N'chothandiza pokonza mauthenga amene anasanjidwa molakwika, koma pa zonsezi ndicho choopsa. Notmuch sifunsa ngati munthu watsimikiza, ndipo lamuloli lilibe njira yobwezera zimene lachita. Wolemba * monga mawu ofufuzira amasankha mauthenga onse, ndipo zizindikiro zimene anaika kwa zaka zambiri zimatha nthawi yomweyo.

Lamulo la notmuch insert, lomwenso ndi la 2013, limalandira + ndi - mofanana, kuti uthenga uikidwe chizindikiro pa nthawi imene ukufika.

Kumene zizindikiro zimasungidwa

Zizindikiro zambiri sizilembedwa m'fayilo ya uthenga. Zimakhala m'nkhokwe ya Notmuch basi. Zochepa zokha, monga unread, replied, flagged ndi draft, ndi zimene zimagwirizanitsidwa ndi zilembo za kumapeto kwa dzina la fayilo m'dongosolo la Maildir, kuti mapulogalamu ena azione. Nkhokwe ikawonongeka, mauthenga amatsala ndipo angawerengedwenso ndi notmuch new, koma chizindikiro ngati fodya kapena msika sichibwerera chokha.

Pofuna kupewa zimenezi pali malamulo awiri. Lamulo la notmuch dump limalemba zizindikiro zonse m'fayilo wamba, uthenga uliwonse pa mzere wake pamodzi ndi Message-ID yake, ndipo notmuch restore limazibwezera m'nkhokwe kuchokera m'fayilo imeneyo.