Tayala Likayamba Kuonetsa Ulusi: Moyo wa Njinga m'Chigwa cha Bwanje

(Belu la njinga, kenako phokoso la pamsika)

Lero tatsika mapiri a Ntcheu, tili kuno ku Bwanje, m'mbali mwa msewu wa M5 wochokera ku Balaka kupita ku Golomoti mpaka ku Salima. Kuno dziko ndi lachidikha, dzuwa limaswa mtengo, ndipo amene ali ndi njinga yakapalasa ali ndi miyendo inayi. Thumba la chimanga popita kuchigayo, belo la thonje, mbuzi ya kumsika, mayi wodwala wopita kuchipatala, zonsezi zimakwera pakeliyala.

Njinga inazika mizu m'midzi muno ndi anthu apaulendo. Madoda amene ankapita kumigodi ya ku Joni pa Wenela, ndi ena amene ankagwira ntchito ku Salisbury, ankabwerako ndi sutikesi, bulangete, ndi njinga ya Raleigh kapena Humber yonyezimira. Mudzi wonse unkatuluka kudzaiona. Boma linaimitsa ulendo wa Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown ndi kupha Amalawi ambiri obwerera kwawo, koma njinga inali itakhala kale yathu. Pambuyo pake kunabwera zotsikirapo mtengo zochokera ku India ndi ku China, ndipo lero achinyamata ambiri akudyetsa mabanja ndi kabaza.

Tayala lopopa limene tikudalirali linatchuka mu 1888, pamene dokotala wa ziweto John Boyd Dunlop, ku Belfast, anafuna kuti mwana wake asamagwedezeke pa kanjinga kake. Iye sankadziwa za minga ya mthethe kapena kalasaweni wa m'njira za kumunda. Ife ndiye timazidziwa. Chilimwe minga ili mbwee, dzinja makande amakakamira m'madigadi mpaka wilo kukana kuzungulira. N'chifukwa chake mwana wa kuno amaphunzira kumata tchubu asanamalize pulayimale.

(Phokoso la pampu)

Tiyeni tikhale pansi pa mtengo tione ntchitoyi. Mwini njinga waigadamitsa, chishalo ndi mahandulo zili pansi. Asanamasule kanthu, akudonthezera malovu pakamwa pa valavu. Akaona thovu, ndiye kuti vuto ndi kamphira ka valavu basi, ndipo kukasintha n'kosavuta. Akapanda kuona thovu, akutenga zitsulo ziwiri zosathwa, ngakhale zigwiriro za masupuni, n'kukanula tayala mosamala kuti asatsine tchubu. Watulutsa tchubu, waipopa pang'ono, ndipo akuimiza m'beseni la madzi chigawochigawo. Apa kuona maso a nkhono n'kudekha. Timathovu tikangoti tumphu, pabowopo asomekapo kachitsotso.

Tsopano mvetserani pamene ambiri amalakwitsa. Tchubu iyenera kuuma kaye. Kenako apale pozungulira bowo ndi sandipepa kapena kamwala kokhakhala, apale ndi chigamba chomwe, chimene nthawi zambiri amachidula ku tchubu yakale. Apake soloshoni wochepa mbali zonse ziwiri, adikire mpaka asiye kunyowa, azingonanda akamukhudza. Wophatika soloshoni ali wamadzi, chigamba chimam'matukira asanafike ku Sharpevale. Akaphatika, akupsinja ndi kugogoda pang'ono. Ndipo asanabwezere tchubu, akuyendetsa zala m'kati monse mwa tayala kufunafuna munga umene unaboola, chifukwa ukatsalira momwemo ntchito yonse yapita pachabe.

Zina n'zomwezo. Tcheni ikauma amaidonthezera oilo. Sipoko imodzi ikaduka amaisintha msanga, kuopa kuti limu ingapindike. Mabuleki akaperepeseka amaika mphira zina. Ndipo palibe chotayidwa: tchubu yotheratu imasanduka malegeni omangira katundu.

Luso limeneli ndi lonyaditsa, ndipo tisalinyoze. Koma omvera, kumata kuli ndi malire ake. Tonse tinaonapo tayala lotupa pambali litakulungidwa ndi malegeni, kapena losokedwa ndi ulusi wa thumba, kapena lofwinyidwa udzu m'kati kuti munthu angofika kunyumba. Kufikira kunyumba, inde. Koma kunyamulirapo munthu m'mawa mwake, ayi.

Nanga tayala lotha timalidziwa bwanji? Limanena lokha. Mano ake akafafanizika pakati n'kusalala, latha. Likayamba kuonetsa ulusi wam'kati, latha. Likachita ming'alu m'mbali chifukwa cha dzuwa ndi kuyendetsedwa lili lofewa, kapena likatupa malo amodzi, kapena waya wam'mphepete ukatulukira, musalipatsenso ulendo. Chizindikiro china ndi ichi: mukaona kuti sabata iliyonse mukumata, vuto si tchubu ayi, tayala ndilo lasiya kuiteteza. Ndalama za zigamba ndi makasitomala otayika pamene muli chigonere m'mbali mwa msewu, mukaziwonkhetsa, mupeza kuti tayala latsopano munaligula kale koma mulibe.

Lakumbuyo ndilo limatha msanga chifukwa limasenza katundu. Ena amaganiza kuti nzeru ndi kusamutsira lothalo kutsogolo. Imeneyo ndi ngozi. Lakutsogolo ndilo lowongolera. Likaphulika muli paliwiro, njinga imakutayani pompo, ndipo pa M5 kumbuyo kwanu kumakhala lole kapena minibasi. Ngati ndalama yangokwana tayala limodzi, latsopano liikeni kutsogolo, ndipo limene linali kutsogolo, ngati likadali ndi mano, libwerere kumbuyo. Pogula, werengani nambala yolembedwa m'mbali mwa tayala lakale. Njinga zambiri zonyamula katundu zimavala la mainchesi 28, pomwe zambiri zamagiya zimavala la 26.

Kuti tayala likhalitse, lipopeni mokwanira, musalisiye padzuwa tsiku lonse, ndipo musalisenzetse matumba oposa mphamvu yake.

Inu a kabaza a pa Bwanje, a ku Kasinje, a ku Bilira, amene wakhala pakeliyala panu wakupatsani moyo wake kuti mumusungire. Mwina ndi mayi wapakati, mwina mwana wasukulu. Patulani kangachepe tsiku lililonse kuti nthawi ya tayala ikakwana isakupezeni chimanjamanja. Ndipo inu makolo, pophunzitsa ana kumata tchubu, aphunzitseninso kunena kuti, “Bambo, ili latha, tigule lina.”

Pulogalamu yathu yathera pamenepa. Mawa musanakwere, zungulitsani mawilo onse awiri, muwayang'ane bwinobwino. Yendani bwino, tsalani bwino.