Alendo a m'siling'i mwathu ku Kawale

Nyumba ya ku Kawale 2 tinaikondera zinthu ziwiri: mpopi unali pakhomo pomwepo, ndipo inali ndi siling'i. Amene anagonapo pansi pa malata okhaokha mu Okutobala akudziwa kufunika kwa siling'i. Sitinadziwe kuti m'mwambamo munali kale eni ake.

Chinayamba ndi fungo, lija lokhala ngati la mkodzo wogonera m'chitini. Kenaka dzuwa likatentha masana tinkamva tsi-tsi-tsi pamwamba pa chipinda cha ana. Mayi a kunyumba anati ndi makoswe. Ine ndinatola timibulu takuda tomwe tinkagwera pawindo, n'kutikanya ndi kamtengo. Manyi a khoswe amalimba, koma iti tinangofumbutuka ngati fodya wosila, m'kati mukunyezimira tizidutswa ta mapiko a tizilombo. Zinali zitosi za mileme.

Madzulo ake ndinakhala pampando kuseri kwa nyumba. Kutangoyamba kachisisira, anthu akutsika m'maminibasi ochokera ku depoti, kanthu kakuda kanagwa kuchokera pampata wa pakati pa lata ndi khoma, kanatsika pang'ono ngati kakugwera pansi, kenaka phururu, ulendo wa kumtsinje wa Lilongwe. Kena. Kenanso. Ndinawerenga 43, mdima n'kundilepheretsa.

Apongozi anga anali atabwera kuchokera ku Mitundu sabata imeneyo. Sanandiuze ine, paja sitiyang'anana m'maso. Anauza mwana wawo, koma mokweza ndithu kuti ndimve ndili panja: "Iwe, uwauze bambo a ana kuti nyumba yogona mileme sakhalamo chisawawa. Afufuze." Ndinamva kumene nkhaniyo inkalowera. Kwathu kuno chouluka usiku chilichonse timachiika m'gulu limodzi ndi kadzidzi ndi fisi. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitavuta ku Mulanje, Phalombe ndi Thyolo, ndinamva ena akuphatikizamo ndi mileme yomwe. Chikhalirecho mileme yoyamwa magazi ilipo mitundu itatu yokha padziko lonse, ndipo yonse ili ku Central ndi South America. Mitundu ya mileme padziko ndi yoposa 1,400. Kuno ku Malawi yapezekapo yoposa 60. Ina imadya zipatso, monga ija ikuluikulu imene imasonkhana mamiliyonimamiliyoni ku Kasanka, m'dziko la Zambia, kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka Disembala. Yochuluka imadya tizilombo basi.

Mawu akuti tizilombowa ndi amene anandikola. Ku Kawale udzudzu sitiuwerenga. Ngalande zotsekeka ndi majumbo, madzi ochapira otayidwa kuseri kwa bafa, maenje amene anatsala anthu ataumba njerwa, zonsezi ndi mosungira ana ake, ndipo dzira limasanduka udzudzu wouluka m'masiku osapitirira khumi kukatentha. Ndiye ndinaganiza: ngati ndili ndi asilikali 43 osalipidwa, ndiwathamangitsirenji?

Ganizoli si ine ndinayamba. Mu 1911 dokotala wina wa ku San Antonio, ku Texas, dzina lake Charles Campbell, anamanga nsanja yayitali yamatabwa m'mbali mwa nyanja ya Mitchell kuti mileme idzagonemo, idye udzudzu, malungo athe. Mileme inalowadi, ndipo iye ananena kuti malungo anachepa, ngakhale akatswiri ambiri anakayika ngati inali ntchito ya mileme. Chimene anapindula mosakayikitsa ndi zitosi, zomwe ankagulitsa ngati manyowa. Mu 1929 mkulu wina wa bizinesi, Richter Perky, anamanga nsanja yotengera pulani ya Campbell pachilumba cha Sugarloaf Key ku Florida. Mileme sinakhazikikemo. Nsanjayo inangoima yopanda kanthu mpaka namondwe wotchedwa Irma anaigwetsa mu 2017.

Pa intaneti mupeza anthu akulemba kuti mleme umodzi umadya udzudzu 600 kapena 1,000 pa ola. Chiwerengerochi chinachokera m'chipinda chotseka. Mu 1960 Donald Griffin, katswiri amene anafotokoza mmene mileme imaonera njira mumdima pomvera kubwerera kwa mawu ake, anaika mileme m'chipinda chodzaza udzudzu, ndipo wochenjera kwambiri unkagwira pafupifupi khumi pa mphindi, kwa kanthawi kochepa. Anthu anangochulukitsa ndi 60. Panja zinthu n'zosiyana. Mleme nawonso umadziwa ndiwo yonona. Ukaona gulugufe wausiku, kafumbwe wamkulu kapena ngumbi, sungataye mphamvu kuthamangitsa kaudzudzu kopanda mnofu. Mudzaone mvula yoyamba ikagwa, ngumbi zitazinga babu la panja: ana ali pansi ndi mabeseni, mileme ili m'mwamba, aliyense akukolola zake.

Udzudzu imadya ndithu, makamaka mileme ing'onoing'ono. Koma pali china chimene chinandiziziritsa. Mileme ya m'siling'i mwanga inali ya mtundu wa mchira wotulukira kunja, yamapiko aatali, imene imasaka m'mwamba kwambiri, pamwamba pa madenga ndi mitengo. Pamene udzudzu wa malungo, wa Anopheles uja, umauluka chapansipansi mwakachetechete, umalowa m'nyumba, n'kuluma pakati pa usiku munthu ali m'tulo. Awiriwa sakumana kawirikawiri. Wolira m'khutu uja amene amatisowetsa mtendere m'tauni nthawi zambiri ndi wa mtundu wa Culex, wokonda madzi onyansa, ndipo malungo safalitsa. Choncho amene angakuuzeni kuti mupinde neti chifukwa pakhomo pali mileme, akukunamizani, ndipo adzakuperekezani kuchipatala. Apongozi anga omwewo amanyadira kuti kwawo ku Mitundu n'kumene katemera wa malungo anayambira kuperekedwa kwa ana mu Epulo 2019, Malawi kukhala dziko loyamba. Ngakhale ana obayitsa katemerayo amauzidwa kugonabe m'neti.

Phindu lalikulu la mileme ndikuliona kumunda. Agulugufe ausiku amene imadya ndiwo amaikira mazira a mbozi, kuphatikizapo zija zinatigwetsa mphwayi m'chimanga kuyambira 2017. Ku Levubu, m'chigawo cha Limpopo ku South Africa, Pulofesa Peter Taylor ndi anzake anapeza kuti mileme imadya anunkhadala owononga mtedza wa makademiya, moti alimi kumeneko amaimangira dala mabokosi. Ife a timinda ta m'mphepete mwa mtsinje, ta chimanga chachiwisi ndi mpiru, tikudyerera ntchito ya antchito amene sitiwadziwa n'komwe.

Komabe fungo lija silinali la chibwana, ndipo zitosi zikaunjikana fumbi lake likhoza kudwalitsa m'chifuwa. A landilodi anabwera ndi nzeru yawo: "Achimwene, tingopopera mankhwala, mawa zonse zili gwaa." Ndinakana. Mitembo ikanaolera m'mwambamo, ife n'kumapuma poizoniyo, ndipo mpata ukanakhalabe wotsegula kudikira gulu lina. Njira imene amalangiza a African Bat Conservation, bungwe la muno mu Lilongwe lomwe anayambitsa Dr Emma Stone, ndi yotulutsa osapha. Timadikira nyengo yozizira, chifukwa nthawi ya dzinja mumakhala ana osauluka, ndipo ukatsekera amayi awo kunja anawo amafera m'kati. Mu Juni ndinatseka mipata ina yonse ndi matope osakaniza simenti, n'kusiya umodzi. Pamenepo ndinalendeweza pulasitiki yokhomera kumwamba kokha, kuti wotuluka azitha kutsetsereka koma pobwerera asowe pogwira. Patatha sabata m'mwamba munali zii, ndipo ndinamata. Posesa ndinawaza kaye madzi, nditavala chophimba kukamwa. Mleme wogwa pansi sitigwira ndi manja. Ukaluma, thamangirani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa chiwewe sichidikira.

Bokosi loti mileme ija isamukiremo anandikhomera kalipentala wa pamsika, ataseka kaye mpaka misozi. Ndi la matabwa osapala, osapaka mankhwala, lotseguka kunsi, m'kati muli timipata ta masentimita awiri, ndipo tinalemba mizere ndi sowo kuti zikhadabo zizigwira. Tinalikweza pa mlongoti wa bulugamu mamita anayi, kutali ndi babu ndi nthambi, poti mileme imeneyi imayamba yagwa kaye isanauluke. Miyezi isanu munalowa mavu okha.

Imene inandidabwitsa ndi mileme ina. Tsiku lina ndikudula masamba owuma pa nthochi za kuseri kwa bafa, ndinasuzumira mu tsamba lanthete lija lisanatambasuke, lokulungika ngati fanulo. M'katimo munali timileme titatu, kalikonse kosaposa chala changa chachikulu, titapanikizana. Timeneti ndiye timasaka chapansi, m'mbali mwa ngalande ndi pakati pa nyumba. Nthochi zimenezo ndinali nditalonjeza mayi a kunyumba kuti ndizidula kuti tipeze poyanika zovala. Chingwe ndinakachimanga kwina.

Sabata yatha mwana wanga wamng'ono anabwera akuthamanga m'mamawa: "Adadi, pansi pa mtengo wanu uja pali timanyi!" Ndinapita ndi kamtengo. Tinafumbutuka.